Kadontho kowala kum'mwera: ndi nyenyezi yatsopano kapena kamera yanga yatopa?

MwanaWaMichiru

Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi funso ndisanayambe kudziguguda pachifuwa pamaso pa anthu.

Ine ndimakhala ku Chilomoni, chakumtunda. Zida zanga si zoti munthu n'kunyadira: kamera ya Canon yakalekale imene ndinagula kwa mkulu wina wojambula maukwati, lenzi ya 50 mm, tripod yomwe mwendo wake umodzi ndinaumanga ndi mphira, ndi katelesikopu ka 70 mm komwe alamu anga anabweretsera ana kuchokera ku Johannesburg. Anawo anangoonerapo mwezi n'kukaponya kuseri kwa kabati, ndiye kanasanduka kanga.

Chisiyireni mvula, usiku uliwonse kukayera ndimatulutsa kamera kuseri kwa nyumba n'kujambula kagulu ka nyenyezi kotchedwa Corona Borealis, kumpoto, pamwamba pa Michiru. Ndikudikira T Coronae Borealis ija akuti imaphulika pakatha zaka pafupifupi 80. Inaphulika mu 1866, inaphulikanso mu 1946, ndipo mu 2024 anthu ankati basi ndi lero ndi mawa. Mpaka pano zii. Pa zithunzi zanga imangooneka ngati kadontho kofooka, ka magnitude 10 (muyezo wa kuwala kwa nyenyezi: nambala ikakula, ndiye kuti nyenyeziyo ndi yofooka), moti mayi a kunyumba afika ponena kuti ndinalembedwa ulonda wopanda malipiro.

Ndikamaliza kumpotoko ndili ndi chizolowezi chotembenuzira kamera kum'mwera, pakati pa Scorpius ndi Centaurus, kungojambula poti pamenepo mlalang'amba umakongola. Lachisanu pa 20 Juni 2025, cha m'ma 9 koloko, magetsi anali atazima dera lonse, mafumu oyandikana nawo atazimitsa ndi jenereta yomwe, kumwamba kuli ngwee. Ndinajambula zithunzi za masekondi 5 chilichonse, ISO 1600. M'mawa mwake, poyerekeza ndi chithunzi cha malo omwewo cha mu Meyi, ndapeza kadontho kowala chakumadzulo kwa nyenyezi ya Delta Lupi, ya mu kagulu ka Lupus, madigiri awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Pa chithunzi cha mu Meyi palibe. Stellarium, pulogalamu ya pa foni yoonetsa mapu a nyenyezi, sikusonyeza kanthu pamenepo. Ndiye ndi chiyani chimenechi? Ndatulukira chinthu, kapena kamera ya maukwatiyi yayamba kukalamba?

Poti ndabwera kale, ndifunsirenso limodzi za nyenyezi ya mchira ija ya mu Okutobala 2024, Tsuchinshan-ATLAS. Ndinamangirira kamera kukatelesikopu, koma chimene ndinapeza ndi banga loyera lokokeka basi, pamene anthu a mayiko ena ankaika zithunzi za mchira wautali mpaka kutuluka m'chithunzi. Kodi vuto ndi katelesikopuka? Ndiyambe kusunga ndalama za makina otsatira nyenyezi aja?

Jijo_wa_Ndirande

Madala, musanayitane atolankhani tayang'anani kaye ngati si setilaiti ya Starlink. Masiku ano zadzaza kumwamba. Komanso kamera zojambula maukwati zimakhala zitaona zambiri, mwina ndi kakeke kanatsalira pa lenzi.

Zoona zake, ine zinandichitikirapo pa foni. Ndinkaona kadontho kobiriwira pafupi ndi mwezi, ndikasuntha foni nako kusuntha. Kunali kuwala kwa mwezi komwe kukubwerera m'kati mwa magalasi a lenzi. Ndiye ngati panali babu kapena tochi chapafupi, kaganizireni kameneko. Koma mwati magetsi anali atazima, ndiye ndasiyira akuluakulu.

NaPhiri_Limbe

Achimwene a ku Chilomoni, kamera yanu ilibe mlandu. Malo amene mwatchulawo ndi a V462 Lupi, nova, kutanthauza nyenyezi yophulika n'kuwala mwadzidzidzi, imene inapezeka pa 12 Juni ndi makina a akatswiri ojambula thambo otchedwa ASAS-SN ili pa magnitude 8.7. Inapitiriza kuwala mpaka kufika cha m'ma 5.5 m'masiku omwe inu munajambulawo, kutanthauza kuti munthu ali kumudzi kopanda magetsi akanatha kuiona ndi maso okha, ngakhale movutikira. Ndiye simunakhale woyamba ayi, anakupitirirani ndi sabata yathunthu. Koma munaipeza nokha, popanda wokuuzani, pongoyerekeza zithunzi ziwiri, ndipo umu ndi mmene nova zambiri zapezekera. Stellarium sinakusonyezeni chifukwa nyenyezi imeneyi isanaphulike inali yofooka kwambiri moti m'ndandanda wa pa foni mulibe.

Mfundo ya a Jijo musaitaye, chifukwa mawa mudzaona kadontho kena ndipo nthawi zambiri sikadzakhala nova. Ine ndimatere. Ndimatsegula zithunzi zingapo zotsatizana n'kumaziwonetsa mofulumira chimodzi pambuyo pa chinzake. Pa tripod yosatsatira nyenyezi ngati yanuyo, nyenyezi zonse zimasendera mbali imodzi chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Kadontho kakamasendera limodzi ndi zinzake, kali kumwamba. Kakangokhala phee pamalo amodzi zinzake zikuyenda, ndi hot pixel, kachilema ka pa sensa, ndipo mukakulitsa mudzaona kuti ndi kangodyangodya, kofiira kapena kabuluu, pamene nyenyezi yeniyeni imakhala yobulungira, yowala pakati n'kumazilala m'mbali. Setilaiti imajambulika ngati mzere ndipo pa chithunzi chotsatira imakhala itapita. Kotsala ndi asteroid (chimwala chozungulira dzuwa), yomwe imaoneka ndendende ngati nyenyezi koma mukajambulanso mawa mupeza yasuntha. Yowala chonchi ingakhale Vesta, koma mu Juni 2025 Vesta inali cha ku Virgo ndi Libra, kutali ndi Lupus. Mukadutsa zonsezi, ikani chithunzi pa Astrometry.net kuti ikuuzeni malo enieni a kadonthoko, kenako fufuzani malowo mu VSX, mndandanda wa nyenyezi zosinthasintha kuwala wa bungwe la AAVSO, ndi pa Minor Planet Center, kumene amasunga mndandanda wa ma asteroid. Zikasowa konseko, m'pamene mtima ungayambe kugunda.

Chimene chinachitika kumeneko n'chofanana ndi chimene mukudikira kumpoto. Ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana moyandikana. Imodzi ndi white dwarf, chotsalira cha nyenyezi yomwe inatha mafuta, kukula kwake ngati dziko lathuli koma kulemera kofanana ndi dzuwa. Imakoka mpweya wa hydrogen kuchokera kwa inzakeyo, mpweyawo n'kumaunjikana pamwamba pake, kupanikizika ndi kutentha, mpaka tsiku lina wonse uyaka nthawi imodzi. Nyenyeziyo siwonongeka, imangotaya chikhungwa cha mpweyacho n'kuyambiranso kukoka. Apa m'pamene nova imasiyana ndi supernova, imene imaphwasula nyenyezi yonse. T Coronae Borealis mnzake ndi nyenyezi yaikulu yofiira, zimazungulirana masiku 228, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 3,000 kuti kufike kuno. Ikadzaphulika idzachoka pa 10 kufika cha m'ma 2. Kusiyana kwa magnitude 5 ndi kuwala kowirikiza ka 100, ndiye kudumpha 8 n'kuwirikiza kopitirira 1,000. Koma siichedwa, pakangotha sabata imakhala yabwerera kosaoneka ndi maso. Ulonda wanuwo uli ndi chifukwa, auzeni mayi.

Tsopano pempho langa. Musafufute chithunzi chilichonse cha mwezi uno, ngakhale chooneka chonyansa. Muzijambula mu RAW, mtundu wa chithunzi wosunga zonse zimene sensa yaona. Onetsetsani kuti wotchi ya m'kamera ili yolondola, chifukwa makamera akale ambiri amakhala akuwerenga chaka china, ndipo chithunzi chopanda nthawi yeniyeni n'chokongoletsera khoma basi. Potumiza kwa akatswiri nthawi imalembedwa mu UT, nthawi imodzi ya dziko lonse, ndiye pa nthawi ya ku Malawi muzichotsa maola awiri: 9 koloko usiku ndi 19:00. Pofuna kuyeza kuwala, sokonezani focus pang'ono kuti nyenyezi ifalikire pa mapikiselo angapo, ndipo musatsegule nthawi yaitali mpaka pakati pake kuyera kotheratu, chifukwa pamenepo kamera yasiya kuwerenga. Kenako mutenge mbali yobiriwira yokha ya chithunzi n'kuyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana zomwe kuwala kwake n'kodziwika. AAVSO ili ndi matchati a zimenezi ndipo imalandira miyezo ya makamera wamba, imailemba kuti TG. Bungweli lakhala likusonkhanitsa miyezo ya anthu ngati ife kuyambira 1911, ndipo kulembetsa kuti muzitumiza n'kwaulere.

Nkhani ya mchira ndiwasiyire abambo a ku Chigumula, ndikudziwa akuwerenga.

Aphunzitsi_Opuma

Zikomo mayi NaPhiri. Ndinali kuwerengadi, magalasi ali pamphuno.

Mwana wanga wa ku Chilomoni, katelesikopu kako ukasiyire mwezi ndi mphete za Saturn. Nyenyezi ya mchira ikafika poonekera ndi maso imakhala chinthu chachikulu kwambiri kumwamba. Mchira wa Tsuchinshan-ATLAS unatalika madigiri oposa khumi, pamene telesikopu ngati yakoyo ikamangiriridwa kamera imaona digiri imodzi kapena ziwiri. Kuli ngati kusuzumira minibasi yothamanga pa bowo la msomali la mpanda wa malata. Ndipo poti ilibe makina otsatira, sekondi imodzi yokha nyenyezi zakokeka kale. Lenzi yako ya 50 mm ija ndiyo inali chida choyenera tsiku limenelo. Ukanajambula tizithunzi tambirimbiri ta masekondi ochepa, n'kutiphatikiza pa kompyuta ndi DeepSkyStacker kapena Siril, zonse zaulere. Kungoti pophatikiza uiuze pulogalamuyo kuti igwire mutu wa nyenyezi ya mchirayo, osati nyenyezi zakumbuyo, chifukwa iyo imayenda payokha ndipo pa theka la ola imakhala yasuntha moonekera.

Komanso usadziyerekeze ndi anthu a ku chipululu cha Namibia. Okutobala wa ku Blantyre tonse timamudziwa: fumbi, utsi wa lupsa, dzuwa kulowa lili psuu lisanafike n'komwe paphiri. Nyenyeziyo inali mmunsi chakumadzulo, m'kati mwenimweni mwa utsiwo, ndipo pa 17 Okutobala mwezi unali wathunthu. Ine ndinaiona bwino kumapeto kwa Seputembala, m'bandakucha, kum'mawa, masiku omwe inali pafupi kwambiri ndi dzuwa. Inadutsa pamenepo pa 27 Seputembala ndipo inayandikira dziko pa 12 Okutobala.

Yanga yoyamba inali Halley, mu Malichi 1986, ndikuphunzitsa ku Thyolo. Ndinadzutsa ana a sukulu ogonera pompo tambala asanalire, tinaima pabwalo la mpira mame ali thoo, ndipo kunena chilungamo ambiri anakhumudwa. Kanali kamtambo kotuwa kokhala ndi kamchira kochepa. Ulendo umenewo inadutsa kutali ndi dziko. Idzabweranso mu 2061, ine ndidzakhala nditapuma zenizeni, koma fumbi lake timakumana nalo chaka chilichonse: nyenyezi zothothoka za kumayambiriro kwa Meyi m'bandakucha, ndi za kumapeto kwa Okutobala, n'zochokera kwa iyeyo. Imene inandidzidzimutsa ndi McNaught, mu Januwale 2007. Mitambo ya dzinja inang'ambika madzulo ena, ndipo mchira unali utayala ngati chikupizo mbali yonse ya kum'mwera chakumadzulo. Mu Januwale 2025 kunabweranso C/2024 G3, imene mutu wake unaphwasuka itangodutsa padzuwa, n'kutsala mchira wokha ukuyenda. Zabwinozabwino zimakonda kubwera kuno kuli mvula, kaya n'chifukwa chiyani.

Ukadzaipeza ina, yang'anitsitsa zinthu ziwiri pa chithunzi. Mutu umakonda kubiriwira, ndipo umenewo ndi mpweya wa carbon ukuwalitsidwa ndi dzuwa. Michira imakhala iwiri: wa fumbi, woyera ndi wokhota, ndi wa mpweya, wowongoka, wonkera ku buluu, wolozera kutali ndi dzuwa nthawi zonse. Anthu amaganiza kuti mchira umasonyeza kumene nyenyeziyo ikuchokera. Ayi. Ikamabwerera kuchoka kudzuwa, mchira umatsogola.

Mawu ena a ukulu. Ukafuna kutuluka mu tauni kukasaka mdima, usangofika pamudzi pa eni usiku n'kuimika chinthu cha miyendo itatu chokhala ndi kanyali kofiira. Amene tinalipo mu 2017 tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika mu Blantyre muno, ndipo anthu anataya miyoyo. Pita masana, ukaonekere kwa amfumu, ufotokoze, uwaitane abwere adzasuzumire mwezi pa katelesikopu kako. Pamenepo m'pamene kadzagwire ntchito yake yeniyeni. Agogo ena adzakuuza kuti nyenyezi ya mchira ndi malodza, usatsutsane nawo, angoona okha.

MwanaWaMichiru

Zikomo kwambiri bambo, zikomo achemwali. A Jijo, keke palibe, ndapukuta.

Ndachita zonse mwanenazo. Kadonthoko kakusendera limodzi ndi nyenyezi zinzake, n'kobulungira, ndipo VSX yanditchulira dzina lomwelo. Mtima unagwa pang'ono, sindinama, ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene dzina la Chilomoni lidzamvekere pa wailesi.

Koma tamvani izi. Nditabwerera m'mbuyo m'khadi la kamera ndapeza kuti malo omwewo ndinawajambulanso chapakati pa mwezi, usiku wina kusanabwere chiperoni. Kadonthoko kalipo, koma kofooka, kosasiyana ndi tinyenyezi tina tozungulira, moti maso anga sanakaone. Pa chithunzi cha pa 20 kakuposa tonse toyandikana nato. Ndiye kuti m'khadimu ndili ndi nyenyeziyo ikukwera. Wotchi ya kamera inali patsogolo ndi mphindi 11, ndayerekeza ndi ya pa foni, ndiye ndingochotsera. Usiku wathawu ndajambulanso, ndipo mwina ndi maso anga, koma ikuoneka ngati yayamba kufiirira.

Chiperoni ndiye chikutivuta kuno. Kumayera masana onse, kukangoda mitambo ija ikutsika, kamvula kowaza, lenzi yanyowa. Ndipo funso la makina lija simunandiyankhe achemwali. Ndaonako pa intaneti ka Seestar kaja, katelesikopu kolamulidwa ndi foni. Ndikagulitsa njinga yamoto yakufa ili pakhomoyi ndi kuwonjezera pang'ono, mwina n'kukwanitsa.

NaPhiri_Limbe

Si maso anu ayi. Nova ikayamba kuzilala imafiirira chifukwa mpweya wa hydrogen umene yautaya umawala mofiira. Ndipo chithunzi cha chapakati pa mwezicho ndicho chamtengo kuposa chowala chija, chifukwa nthawi yokwera ndi yaifupi ndipo ojambula amakhala ochepa. Chiyezeni mutumize.

Za Seestar S50: ndinagwiritsapo ya mnzanga. Galasi lake ndi la 50 mm, imadzipezera yokha malo, imatsatira nyenyezi, imaphatikiza zithunzi inu mukumwa tiyi. Kwa nyenyezi za mchira zofooka, zosaoneka ndi maso, ndi kwa supernova za m'milalang'amba ina, ndi kabwino ndithu, ndipo kamakupulumutsani ku mutu waukulu wa kuno kum'mwera. Anzathu a kumpoto ali ndi Polaris, nyenyezi yowala yosonyeza malo amene thambo lonse limazungulira. Ife tili ndi Sigma Octantis, yofooka, ya magnitude 5.4, ndipo kuchokera mu Blantyre malo amenewo ali madigiri 16 okha pamwamba pa nthaka, m'kati mwa kuwala kwa tauni, nthawi zina kuseri kwa mtengo wa mango wa aneba. Makina otsatira wamba amafuna muwalunjikitse pamenepo, ndipo ambiri amatopera pompo.

Komabe ine ndikanakhala inu, njinga ndikanaisiya kaye. Ndalama zakunja zikusowa, kuitanitsa katundu kumabwera ndi msonkho wake, ndipo ka Seestar kamaona kachigawo kochepa ka thambo, pamene nova ya mu Lupus mwaigwira chifukwa lenzi yanu imaona malo otakata. A ASAS-SN amene anakupitirirani aja, makina awo ndi malenzi a kamera a Nikon, a masentimita 14 m'mimba mwake, oikidwa ku Hawaii, Chile, Texas ndi South Africa. Mphamvu yawo ndi yoti amajambula thambo mobwerezabwereza osatopa. Ngakhale ali choncho, anthu wamba akuwaposabe nthawi zina. Pa 25 Juni pomwepa yapezekanso nova ina mu kagulu ka nyenyezi ka Vela, V572 Velorum, ndipo oipeza ndi anthu ojambula mwa kukonda chabe a ku Australia. Nova ziwiri zooneka ndi maso nthawi imodzi si chinthu cha chaka chilichonse, ndipo zonse zili mbali yathu ino. Ya mu Vela muijambule kukangoda, isanatsike kum'mwera chakumadzulo.

Mukadzafuna telesikopu yeniyeni, mudzakumbukire Victor Buso wa ku Rosario, Argentina, munthu wokonza maloko. Pa 20 Seputembala 2016 ankangoyesa kamera yatsopano pa telesikopu yake ya masentimita 40, akujambula mlalang'amba wa NGC 613 masekondi 20 chithunzi chilichonse. Pa zithunzi zoyamba panalibe kanthu. Pa zotsatira kadontho kanatulukira n'kumawala iye akuona. Anagwira ola loyamba la supernova, SN 2016gkg, chinthu chomwe akatswiri ankachisaka kwa zaka zambiri, ndipo chinamuthandiza n'choti anali ndi zithunzi za "kusanachitike" za usiku womwewo, nthawi yake yolembedwa bwino. Koichi Itagaki wa ku Japan, amene anapeza supernova SN 2023ixf mu mlalang'amba wa M101 pa 19 Meyi 2023, wapeza zoposa 100 pongobwerera ku milalang'amba yomweyomweyo.

Pakadali pano ndalama zochepa muziike pa batire yachiwiri, khadi lalikulu, ndi kachingwe kojambulira osakhudza kamera. Lenzi ikamachita mame, ikulungeni ndi sokosi yakale m'mbali, imachedwetsako. Za chiperoni, chimakonda kuno ku Limbe, Bangwe ndi Chigumula. Mbali ya Lunzu ndi Lirangwe n'kotsika komanso kouma, nthawi zambiri kumakhala koyera ife tikuzizidwa. Mwezi udzakhala mu mdima pa 24 Julayi 2025. Ndili ndi azakhali kupitirira Lunzu, amfumu a kumeneko amandidziwa. Amene akufuna tipite Loweruka la sabata imeneyo anene, tisonkherane za mafuta. Bambo a ku Chigumula, mpando wakutsogolo ndi wanu.

Jijo_wa_Ndirande

Mundiwerengere. Kamera ndilibe, ndidzanyamula fulasiki ndi mbatata zootcha. Koma madala a ku Chilomoni, ija ya kumpoto ikadzaphulika ine ndili mtulo, imbani foni ngakhale 2 koloko usiku. Ya 1946 agogo anga sanandiuze.

Aphunzitsi_Opuma

Ndidzabwera, bola mudzandibweze ndisanaphonye mapemphero a m'mawa. Mwana wanga, katelesikopu kaja usakasiye, ana a kwa azakhaliwo adzafuna kusuzumira. Ndipo tripod yakoyo ubwere nayo kuno mkati mwa sabata, ndili ndi bawuti yoti ingalowe m'malo mwa mphirayo.